Cikwati ca mapepala ndi kaloba

  Lero sindinabwere ndi mau ozuna. Nkhani ya lero idzawawa ena, ndipo ndidziwa kuti ena mudzanditumira mameseji kuti ndalowa m'nyumba mwanu popanda odi. Palibe kanthu, tumizani. Koma muyambe mwawerenga mpaka pothera.

Pali mau amene afala pakati pathu, pa msika ndi pabwalo la chalichi tikatuluka m'mapemphero. Mwana ali ku UK, viza yake ili pafupi kutha, ndiye timva makolo akamba motsitsa mau ati, "Apeze cabe munthu wa mapepala, bakwatilane, vikasila bazasiyana." Ena acita kutenga ndalama ya cilimba n'kutumiza, kuti mwana akalipire munthu woti aime naye pamaso pa boma monga mkazi kapena mwamuna wake. Zikatheka, pa Sondo amai ake abwera ndi envulopu ya ciyamiko ndi nthungululu, ati Mulungu watsegula khomo. Ine ndikana. Khomo limenelo sanatsegule Mulungu. Ndipo ngakhale tiwerenge cabe monga anthu a malonda, cikwati ca mapepala ndi dilu yoipa kopambana madilu onse amene munthu angasaine. Coipa cina n'cakuti amene akankhira ana m'dzenjemo kawiri-kawiri ali kuno kumudzi, osati ku London.

Ndisanapite patali ndimveketse anthu amene sindikamba za iwo. Ngati mwana wanu anakumana ndi munthu wa dziko lina, akondana, akhala nyumba imodzi, adya mbale imodzi, ndipo kudzera m'cikwatico wapeza cilolezo cokhala m'dzikolo, palibe ca manyazi. Khomo limenelo analiika ndi malamulo eni ake kuti mabanja asapatukane. Ngakhale kuno kwathu lilipo. Mlendo wokwatirana ndi Mzambia angapatsidwe spouse permit ku Immigration, ndipo Constitution yathu monga inasinthidwira mu 2016 ilola munthu amene wakhala m'cikwati ndi nzika kwa zaka 5 kupempha kuti alembedwe unzika. Conco inu amene mumanong'onezana pa maliro za mkamwini kapena mtengwa wacilendo kuti anabwerera mapepala, pamene umboni mulibe, lekani. Ilo ndi chimo lina, tidzalikamba tsiku lina.

Rute wa ku Mowabu anali mlendo ku Betelehemu, wamasiye, wokunkha barele m'minda ya eni. Naomi pomulangiza za Boazi anali kuganizira za mawa lake, za pokhala ndi cakudya, ndipo sanabise zimenezo. Kuganizira za mawa posankha banja si chimo, amai athu onse anaganizira. Koma onani mmene nkhaniyo inayendera. Boazi anapita pa cipata ca mudzi, anaitana akulu 10, zonse anakambira poyera. Pambuyo pake anakhala banja zoona, anabala Obedi, agogo ake a Davide. Panalibe pangano la mseri lakuti pakapita zaka zakuti tidzasiyana. Panalibe ndalama yopatsirana kuseri kwa nkhokwe. Muyeso ukali womwewo mpaka lero: mapepala akatuluka, kodi mudzakhalabe pamodzi? Ngati munagwirizana kale kuti yankho ndi ai, cimene muli naco ndi gong'a.

Manje tengani kope ndi bolopeni tiwerenge, cifukwa palibe wa ife amene amaoda katundu asanafunse mtengo. Nditenga UK cifukwa ndiko kwathamangira ana athu ambiri zaka zapitazi, maka-maka pa nchito yosamalira okalamba. Coyamba cimene okonza madilu awa sakuuzani n'cakuti setifiketi ya cikwati payokha sipatsa munthu mapepala. Ingokupatsani malo pa mzere. Kuti viza ya banja ituluke, banjalo lifunika kuonetsa kuti lipeza ndalama zosacepera mapaundi 29,000 pa caka. Kuyambira 2012 malire anali mapaundi 18,600, koma mu April 2024 anakweza. Pamwamba pa fizi ya fomu pali ndalama ya cipatala, mapaundi 1,035 pa caka ciliconse ca viza, yolipiriratu. Palinso mayeso a Cizungu. Zonsezi mukazikwanitsa, cimene mupatsidwa ndi cilolezo ca zaka pafupi-fupi 2 ndi theka cabe.

Zikatha zimenezo mubwereranso, mulipiranso, muonetsanso umboni kuti mukali pamodzi: pangano la lendi, mabilu a magetsi, makalata a ku banki ndi a kwa dokotala, onse ofika pa adiresi imodzi. Akakayika angakuitaneni kukufunsani mmodzi-mmodzi, kapena kugogoda pakhomo m'mamawa kudzaona ngati m'nyumbamo mukhala anthu awiri zoona. Pakatha zaka 5 m'pamene mungapemphe kukhala kwa muyaya. Amene analowa ndi viza ya woceza saloledwa kuisintha ali konko, afunika kubwerera kuno n'kupempha ali kuno. Amene viza yake inatha kale, ngati amumvera n'komwe, kawiri-kawiri amuika pa njira ya zaka 10. Ndiye uyo mwana amene mumuuza pa foni kuti "ni pepala cabe, mwezi umodzi vasila", mumunamiza.

Nonse mudziwa kaloba. Utenga pang'ono, ubweza zambiri, ukacedwa abwera kudzanyamula firiji. Koma wa kaloba agwira firiji cabe, iwe ugona m'nyumba mwako. M'cikwati ca mapepala cikole ndi munthu yemweyo. Lamulo la kumeneko likuti banja likapatukana Home Office iuzidwe, ndipo aliyense wa awiriwo angaiuze. Ikauzidwa, viza ya mlendo ifupikitsidwa, kawiri-kawiri kutsala masiku 60. Ndiye kuti kwa zaka 5, tsiku lililonse, munthu amene munamulipira ali ndi moyo wa mwana wanu pa foni yake. Kodi muganiza mtengo umene munagwirizana poyamba ndiwo wothera? Ndi wamalonda uti amene, ataona kuti kasitomala alibe kwina kopita, amasiya mtengo pamene unali? Lero afuna ya lendi, mawa galimoto yafa, mkuja amai ake adwala. Mwana wanu agwira mashifiti a usiku kusambika okalamba, msana kuwawa, ndalama ipita kwa munthu amene samukonda. Ndipo sangakadandaule kulikonse, cifukwa akatsegula pakamwa adziulula yekha. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka.

Kwa ana aakazi ndiye koopsa kopambana, ndipo azimai a Mothers' Union ndimvereni bwino apa. Munapangana kuti cikwati n'ca pa pepala cabe, aliyense cipinda cake. Koma umboni ufuna kuti akhale nyumba imodzi. Usiku wina mwamuna uja agogoda pa citseko ati, "Pa pepala ndiwe mkazi wanga." Mwana wanu adzaitana ndani? Ankhoswe kulibe, cifukwa simunatume nkhoswe. Alangizi kulibe. Acibale a mwamunayo simuwadziwa ngakhale maina. UK ili nalo lamulo lothandiza munthu amene ali pa viza ya banja koma azunzidwa m'nyumba: angapemphe kukhala m'dzikomo payekha, osadalira womuzunzayo. Inu amene muli ndi ana m'maukwati oona kumeneko, auzeni zimenezi, asapirire nkhonya cifukwa coopa kupitikitsidwa. Koma thandizolo analikonzera cikwati cimene cinali ceni-ceni poyamba. Wa gong'a akapita kumeneko, ayamba ndi kufotokoza bodza lake.

Nanga zikaululika? Viza ifafanizidwa, munthu abwezedwa, ndipo cinyengo cingamutsekere khomo la UK mpaka zaka 10. Ngakhale amene anafika pa unzika sagona tulo tabwino, cifukwa unzika wopezeka mwacinyengo boma lili ndi mphamvu youlanda ngakhale papite zaka. Amene muganiza kuti ku America kuli bwino, kumeneko okwatirana kumene apatsidwa green card ya zaka 2 yoyembekezera, ndipo lamulo la 1986 liika cilango ca ndende mpaka zaka 5, kapena faindi mpaka madola 250,000, kapena zonse ziwiri, kwa mlendo ndi kwa nzika yomwe. Wogwidwa kamodzi, ngakhale adzakwatire zoona pambuyo pake, pempho lake silivomerezedwanso. Tsono ndiuzeni, amalonda anzanga. Bale la salaula limene mulipira kwa zaka 5, mwini wake akweza mtengo pamene wafunira, angalitenge tsiku lililonse, ndipo apolisi akakupezani nalo mumangidwa, ndani wa inu angaliode?

Pali wina amene alipira koposa onse, ndipo pokonza madilu awa dzina lake silimveka. Ndi mkazi wotsala kuno. Mwamuna aimba foni usiku ati, "Amake mwana, tisudzulane cabe pa pepala, nikwatire kuno, mapepala yakacoka nizakutenga na bana." Mkazi cifukwa ca ana avomera, asaina. Mlongo wanga, khoti ilibe cisudzulo ca masewera. Cikwati colembedwa m'kaundula wa boma cikathetsedwa ku High Court, catha. Ca mwambo cikathetsedwa ku Local Court, catha. Kuyambira tsiku limenelo ndinu mkazi wakale, olo mupitirize kuvala mphete. Munthu akamwalira osasiya wilo, lamulo lathu la 1989 la cuma ca masiye ligawa motere: 50 peresenti kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo, 10 kwa ena amene anali kudalira malemuyo. Gawo la mkazi lija inu mulibemo. Amene ali ndi setifiketi ndi uja wa ku Leeds kapena ku Luton amene simunamuonepo, pamene njerwa za nyumbayo munagula ndi ndalama ya tomato.

Ndipo mundiuze zoona, mwamuna akhale zaka 5 nyumba imodzi ndi mkazi wina, kuphika pamodzi, kujambulitsa zithunzi atagwirana m'ciuno kuti a Home Office akhulupirire, inu muli kuno muwerenga miyezi, muganiza adzabwera monga anapitira? Kangati tamva kuti m'cikwati "ca pa pepala" mwabadwa mwana? Mwana ameneyo si wa pepala. Ena sacita n'kusudzula komwe, angolemba pa fomu kuti sanakwatirepo. Kukwatira ku UK uli ndi cikwati cina cimene sicinathe ndi mlandu, ndipo cikwati caciwirico cilibe mphamvu, conco viza yomangidwa pamwamba pake igwera pamodzi. Nanga ana amene tate wao anawakana pa fomu, mawa adzawaitana monga ndani?

Tsopano ndifike pakhomo pathu ife a Anglican, cifukwa nkhani iyi inatidetsa kale. Mu 2010 khoti ku England inagamula kuti wansembe wa Church of England, Alex Brown, wa ku St Leonards-on-Sea, akakhale ku ndende zaka 4 cifukwa comanga maukwati abodza pafupi-fupi 360. Ambiri anali a amuna ocokera ku Africa ndi akazi a kum'mawa kwa Europe amene anali ndi ufulu wokhala m'dzikomo, ndipo akaziwo anali kulipidwa. Parishi imene kale inali kumanga maukwati owerengeka inasanduka msika. Pa guwa lomwelo pamene anthu agwada kulandira Mgonero, anthu osadziwana analonjezana za moyo wonse, n'kutuluka aliyense njira yake. Wansembe anamangidwa, inde. Koma lonjezo lija analikamba ndi pakamwa pao ndi amuna ndi akazi aja, ndipo ena a iwo kwao anali kuimba mu kwaya monga ana athu.

Onani cimene milandu ya mtundu umenewu inabala. Mudziwa mwambo wathu wolengeza cikwati mu chalichi pa Sondo katatu, kuti amene adziwa coletsa akambe. Kwa zaka mazana boma la England linali kukhulupirira cilengezo cimeneco. Kuyambira March 2015, Mzambia amene alibe unzika wa kumeneko akafuna kumanga cikwati mu Church of England, cilengezo ca mu chalichi sicikwana. Afunika kuyamba ku ofesi ya boma, kuyembekeza masiku 28, ndipo Home Office ikakayika iwonjezera kufika masiku 70 kuti ifufuze. Mau a mpingo anali ndi mtengo, gong'a inagwetsa mtengowo.

Ife a pa msika izi tizidziwa bwino. Munthu mmodzi akayamba kugulitsa mafuta ophikira osakaniza, kapena kupima cimanga ndi meda yoponda pansi, kasitomala sakamba kuti uje ndi wakuba. Akamba kuti pa msika paja amaba. Tonse tilipira, ngakhale amene sikelo yathu ili yoona. Lero mtsikana wa ku Katete amene akondana zoona ndi mnyamata wa ku Birmingham afunsidwa mafunso ngati wakuba, asindikiza mameseji ao a cikondi kuti mlendo wa mu ofesi awawerenge, ayembekeza miyezi ali kutali ndi mwamuna wake. Mbali ina ya ngongole imene alipira mtsikanayo anaitenga ndi aja a mapepala. Mukatumiza ndalama ya dilu, mudziwe kuti mukweza mtengo kwa mwana wa neba wanu amene sanalakwe.

Ndidziwa zimene ena muyankha mumtima. "Imwe mukamba cifukwa muli na sitandi, bana bathu balibe nchito." Zoona, nchito kulibe. Ndiwaona tsiku ndi tsiku ana a madigiri atakhala m'tumabuthu twa mobile money kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Ndipo malamulo a kumeneko sindiwaombera m'manja. Mu March 2024 analetsa wopita kukagwira nchito yosamalira okalamba kutenga mkazi, mwamuna kapena ana. Anafuna manja athu, koma mabanja athu sanawafune. Malire aja a mapaundi 29,000 atanthauza kuti ngakhale nzika ya kumeneko, ngati ndi wosauka, sangakhale ndi amene amukonda. Ndipo amene anabwera kuno kudzakumba mkuwa sanaime pa mzere wa viza. Zonsezi ndivomera, ndipo tizikambe mokweza. Koma funsani kuti bodzali lilasa ndani. Mukanamiza Home Office, nduna ya ku London sitaya tulo. Amene ataya tulo ndi mwana wanu m'cipinda cija, mkazi wotsala ku Kanyama, ndi adzukulu anu.

Ena ati, "Nanga Abramu sananame ku Iguputo?" Ananama, ndipo n'cifukwa ca njala monga ife. Polowa m'dziko la eni anaopa, anauza anthu kuti Sarai ndi mlongo wake. Poyamba dilu inaoneka yabwino, nkhosa ndi ng'ombe zinabwera. Koma ndani anatengedwa kupita ku nyumba ya Farao? Sarai. Mwamuna anawerenga ziweto, mkazi ndiye anali cikole. Pothera pake munthu wa Mulungu anadzudzulidwa ndi mfumu yosapembedza Mulungu wake, ndipo anaperekezedwa ndi anthu a Farao kutuluka m'dziko. Ngati mufuna nkhani ya munthu amene anaseweretsa cikwati kuti akhale bwino kwa eni, imeneyo ndiye nkhani yake, ndipo inathera pa boda.

Ena ati, "Koma auje zinawayendera, onani nyumba imene amanga ku Chalala." Mwina zinawayendera. Amene bale linawagwera bwino ndiwo amaimba pa msika, amene anapeza masanza okha-okha amakagulitsira kumbali mwakacete-cete. Pa Facebook muona cithunzi ca nyumba ya malata ofiira. Simuona amene anabwezedwa ndi cola cimodzi, simuona amene akali kulipira caka ca cinai, simuona mkazi amene anasaina cisudzulo ndipo manje foni siyankhidwa. Amenewo saika zithunzi. Cikome-kome ca mkuyu, mkati muli nyerere. Ndipo ngakhale uja wa nyumba, mufunseni ngati angafotokozere ana ake mmene anapezera mapepala atayang'ana m'maso mwao.

Tisanamizane kuti sitidziwa kuipa kwake, cifukwa cinthu comweci cikacitika kuno timalira. Mlendo akakwatira mtsikana wathu kuti shopu, laisensi ndi puloti zilembedwe m'dzina la mkaziyo, bizinesi ikakula n'kumutaya, ngongole za msonkho zili pa dzina lake, msika wonse umati mwana wadyeredwa masuku pamutu. Inu amene mupita ku Johannesburg kukaoda munamvapo za azimai a ku South Africa amene anapita ku Home Affairs kukalembetsa cikwati cao, n'kuuzidwa kuti kompyuta ionetsa kuti anakwatiwa kale ndi mlendo amene sanamuonepo. Wina anagulitsa nambala ya citupa cao. Nkhani zotere zithira mafuta pa moto wa cidani ca alendo, ndipo motowo ukayaka susankha amene ali ndi mapepala oona. Nayenso uja amene mwana wanu amulipira ku UK ndi mwana wa munthu. Amene agulitsa dzina lake kwa zaka 5 si munthu amene zinthu zimuyendera bwino, ndipo zikaululika nayenso ayankha mlandu. Mwana wa mnzako ndi wako yemwe, olo akhale mzungu.

Makolo anzanga, nkhani iyi iyambira pa foni zathu. Mwana akaimba, funso loyamba ndi "mapepala yafika pati?" Laciwiri ndi "uzatuma liti?" Kuti wadya, kuti agona bwanji, tifunsa pothera ngati airtime yatsala. Ana ambiri salowa m'madilu awa cifukwa ca dyera. Alowa cifukwa aopa kutsika pa Kenneth Kaunda Airport cimanja-manja, aopa maso a makolo amene anagulitsa puloti kuti iwo akwere ndeke, aopa kuseka kwa a pa mzere wathu. Agogo athu ena anapita ku migodi ya ku Wankie ndi ku Johannesburg n'kusanduka machona, osati cifukwa anaiwala kwao, koma cifukwa anacita manyazi kubwera opanda sutukesi. Manyazi omwewo ndiwo akwatitsa ana athu kwa anthu osawadziwa. Muimbireni mwana lero mumuuze momveka: viza ikatha ndipo njira yoona palibe, bwera. Pakhomo pali nsima, pa sitandi pali malo. Amene atuluka nthawi yake isanathe dzina lake likhala loyera, angadzapemphenso mawa. Puloti igulidwanso, koma zaka 5 za mwana wanu sizibwerera.

A m'cilimba, ndalama ikafika pa munthu ndi yake, sitingamuuze zocita. Koma akabwera kupempha kuti mumudumphitse mzere cifukwa "kuli dilu ya cikwati", kanani, ndipo mumuuze cifukwa cake. Abambo ansembe athu ndi akulu a mpingo, ndi ulemu wonse, kalata ya mpingo yonena kuti uje ndi mbeta pamene tonse tinavina pa cikwati cake isatuluke mu ofesi ya parishi, olo wopemphayo akhale amene anagula mabenchi. Azimai amene muuzidwa kusaina cisudzulo ca pa pepala, musasaine. Pitani kwa ankhoswe, pitani kwa loya, funsani cimene mutaya. Safunsa anadya phula.

Inu ana athu amene muwerenga izi muli kale mkati, sindinalembe kuti ndikuponyeni miyala. Ndidziwa kuti ena munalowa muli ndi mantha, ena munakankhidwa ndi ife omwe tinakubalani. Pezani loya kapena mlangizi wa za immigration wolembetsedwa ndi boma, cifukwa ku UK kupereka uphungu umenewo popanda cilolezo ndi mlandu, ndipo uja wa pa WhatsApp amene akuti adziwa munthu mkati adzakudyerani cabe. Muuzeni loyayo zoona zonse, iye ndiye angakuuzeni njira imene yatsala. Uzani munthu mmodzi wokhulupirika kumene mukhala. Ngati mumenyedwa kapena kukakamizidwa, imbani 999, moyo wanu uposa pepala lililonse. Ndipo ngati pothera pake n'kubwera kumudzi, bwerani. Amene adzakusekani pa chalichi pano adzayankha kwa ine coyamba.

Tipemphere. Ambuye, yang'anirani ana athu amene ali kwa eni, amene masiku a viza ao awerengeka ndipo tulo sitibwera. Apatseni njira yoona, ndipo pamene njira palibe apatseni mtima wobwerera kwao. Tonthozani akazi ndi ana otsala. Dalitsani maukwati oona a anthu a maiko osiyana, kuti asalipire ngongole ya ena. Ife makolo mutiphunzitse kulandira mwana wobwera cimanja-manja ndi cimwemwe comwe tikanamulandira naco atabwera ndi galimoto. Amen.

Mugulitse bwino lero. Amene mudziwa kholo limene lili pafupi kutumiza ndalama ya dilu, musaike dzina lake pansi apa. Pitani mukakhale naye pansi.